Kulumpha Kosabwezeka: Luso la Castlevania ndi Kugawanika kwa Oisewera

Gemu ya Castlevania, imene kampani ya ku Japan yotchedwa Konami inatulutsa pa 26 Sepitembala 1986 ili ndi dzina loti Akumajō Dracula, ndi imodzi mwa magemu akale a pa kanema amene anthu sanagwirizanebe za ubwino wake ngakhale kuti papita zaka zambiri chitulukireni. Ena amaiyesa chitsanzo cha umisiri woyezedwa bwino, mmene mdani aliyense ndi kandulo aliyense anaikidwa pamalo pake mwadala, pamene ena amaisiya asanamalize gawo lachiwiri, akudandaula kuti munthu amene akumuyendetsa pa sikirini ndi wolemera thupi, wochedwa, ndiponso wosamvera mabatani. Chochititsa chidwi n'chakuti magulu awiriwa sasiyana pofotokoza zimene zimachitika m'gemuyi, chifukwa onse amavomereza kuti munthuyo amayenda pang'onopang'ono, kuti akalumpha sangabwerere, ndiponso kuti chikwapu chake chimachedwa kufika pa mdani. Amasiyana poweruza ngati zinthu zimenezi ndi chilema kapena ndi maziko a luso lonse. Yankho lofala lakuti oikonda amangokumbukira ubwana wawo silikwanira, ndipo pofuna kupeza pamene pagona kusiyanaku m'pofunika kuyang'anitsitsa mmene gemuyi inapangidwira.

Poyamba Castlevania inatuluka pa Famicom Disk System, kachipangizo kowerenga madisiki kamene kankalumikizidwa ku makina osewerera magemu a Nintendo ku Japan, ndipo mu 1987 inafika ku America pa makina a Nintendo Entertainment System, amene ambiri amangowatcha NES, isanafike ku Ulaya mu 1988. Wotsogolera ntchito yoipanga anali Hitoshi Akamatsu, ngakhale kuti dzina lake silioneka pa mndandanda wa mayina wa kumapeto kwa gemuyi, pakuti opanga analembapo mayina opeka oseleula akatswiri a mafilimu oopsa, monga Christopher Bee m'malo mwa Christopher Lee ndi Belo Lugosi m'malo mwa Bela Lugosi. Nthabwala imeneyi ikuonetsa kumene zinthu za m'gemuyi zinachokera: buku la Bram Stoker la mu 1897, mafilimu a kampani ya Universal a m'zaka za m'ma 1930, ndi a kampani ya Hammer ya ku Britain amene anatchuka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Nkhani yake ndi yochepa kwambiri. Simon Belmont, mlenje wa ziwanda zoyamwa magazi, alowa m'nyumba yaikulu ya Dracula atanyamula chikwapu, ndipo ayenera kudutsa zigawo zing'onozing'ono 18 zoikidwa m'magawo akuluakulu 6, gawo lililonse n'kuthera pa mdani wamkulu: mleme waukulu, mutu wa Medusa wa m'nthano za Agiriki, mitembo iwiri yokulungidwa nsalu ya ku Egypt, chilombo cha Frankenstein pamodzi ndi kamnzake kolumphalumpha, Imfa yonyamula chikwakwa, ndipo pomalizira Dracula mwini wake.

Mkangano wonse umayambira pa kulumpha. Chaka chimodzi Castlevania isanatuluke, Nintendo inali itatulutsa Super Mario Bros., gemu imene inaphunzitsa osewera miyandamiyanda zimene ayenera kuyembekezera akakanikiza batani lolumphira: Mario amalumpha patali kapena pafupi malinga ndi liwiro limene anali nalo, amakwera m'mwamba kwambiri kapena pang'ono malinga ndi nthawi imene chala chakhala pa batani, ndipo ali m'malere angathe kubwezedwa pang'ono kumanzere kapena kumanja. Izi zikutanthauza kuti wosewera amene walakwitsa amakhala ndi mpata wokonza cholakwacho Mario asanaponde pansi. Simon Belmont sanapatsidwe mpata umenewu. Iye ali ndi njira zitatu zokha zolumphira, cham'mwamba, chakumanja ndi chakumanzere, ndipo iliyonse ili ndi msinkhu umodzi ndi mtunda umodzi wosasintha, moti phazi lake likangochoka pansi, malo amene adzagwere adziwika kale ndipo palibe batani limene lingawasinthe. Ngati mleme watulukira kutsogolo kwake ali m'malere, chimene wosewera angachite ndi kuponya chikwapu pa nthawi yoyenera kapena kulandira nkhonya, koma kubwerera kulibe.

Chikwapu nacho chinapangidwa mu mzimu womwewo. Batani likakanikizidwa, Simon amayamba watambasulira mkono kumbuyo, kenaka chikwapu n'kuwongokera kutsogolo, ndipo kanthawi kochepa kamene kali pakati pa kukanikiza ndi kumenya, ngakhale sikafika sekondi imodzi, n'kokwanira kuti mdani wothamanga alowe m'kati mwa mtunda wa chikwapucho n'kumugunda. Pa nthawi yonseyo Simon amakhala ataima chilili, sangayende ndipo sangatembenuke, komanso chikwapu chimamenya kutsogolo kokha mu mzere wowongoka, osati m'mwamba kapena cham'mbali. Zotsatira zake n'zakuti chilichonse chimene wosewera achita m'gemuyi chimakhala lonjezo limene ayenera kulikwaniritsa mpaka kumapeto, ndipo kuganiza konse kuyenera kuchitika chala chisanatsike pa batani. Wosewera bawo amadziwa khalidwe limeneli, pakuti amawerenga maenje ndi maso asanatape nkhomo, podziwa kuti akangoyamba kufesa dzanja liyenera kutsatira mpaka pamene zithere, kaya kwaoneka phindu kapena tsoka. Castlevania ndi gemu yotere imene yavala zovala za gemu yothamanga, ndipo ambiri mwa amene amaida amaidera chimenechi, kuti maonekedwe ake amawalonjeza kuthamanga kwa zala pamene malamulo ake amafuna kuwerengera.

Malire amenewa akanakhala chilema chenicheni akanakhala kuti adani anapangidwa mosaganizira za iwo, koma umboni wa m'gemuyi ukuonetsa kuti pafupifupi mdani aliyense ndi funso lofunsidwa kwa kulumpha kosabwezeka ndi chikwapu chochedwa. Mizukwa ya m'gawo loyamba imabwera mu mzere wowongoka pa msinkhu wa chikwapu, kuti wosewera aphunzire mtunda ndi nthawi. Akambuku akuda amagona mpaka Simon atayandikira, kenaka n'kudumpha, kuti aphunzire kuima ndi kudikira. Zilombo za m'madzi zimavuuka pansi pa mapazi pa malo amene pali mipata, kuti aphunzire kusalumpha asanaone. Mdani wotchuka koposa ndi timitu ta Medusa, timene timayamba kuoneka m'gawo lachiwiri, timauluka modutsa sikirini tikukwera ndi kutsika ngati funde, ndipo timabwera kosalekeza ngakhale wosewera aphe tingati. Kamutu kamodzi pakokha sikoopsa, chifukwa njira yake ndi yodziwika ndipo munthu wodekha angathe kungoyenda n'kudutsa pansi pake pamene kakwera. Kuopsa kwake kumabwera chifukwa cha lamulo lina, lakuti Simon akagundidwa amaponyedwa chambuyo mosatha kudziletsa, ndipo opanga gemuyi anaika timituti makamaka pa malo amene pali timapulatifomu ting'onoting'ono tolekanitsidwa ndi maphompho. Motero kugundidwa kumodzi, kumene pa malo osalala kukanangochotsa kachigawo kochepa ka mphamvu, pamenepa kumathera m'phompho ndipo moyo wonse umatayika nthawi yomweyo.

Malo amene luso limeneli limaonekera mokwanira, ndiponso amene osewera ambiri amagonjerapo, ndi khonde lalitali la m'chigawo cha 15, limene limatsogolera ku chipinda cha Imfa. Pa khondeli palibe phompho ngakhale limodzi, pansi ndi posalala, koma pamaima asilikali ovala zachitsulo amene amaponya nkhwangwa, ina pamwamba ina pansi, ndipo nkhwangwayo ikapita imabwereranso kwa mwini wake. Asilikaliwa amafuna zikwapu zingapo kuti agwe, ndiponso amabwerera m'mbuyo Simon akawayandikira, kuti akhale kunja kwa mtunda wa chikwapu. Pa nthawi yomweyo timitu ta Medusa timakhala tikudutsa. Mdani woyamba amakakamiza wosewera kuima ndi kumenya, pamene wachiwiri amalanga aliyense woima pamalo amodzi, ndipo popeza kuti pofika kuno kugundidwa kanayi kokha kumatha mphamvu zonse, wosewera amafika kwa Imfa, mdani amene amadzaza chipinda ndi tizikwakwa touluka kuchokera mbali zonse, atatsala ndi mphamvu zochepa kapena atataya kale zida zake. Palibe mdani watsopano pa khondeli, ndipo palibe lamulo limene wosewera sanalione kale. Chatsopano ndi kuphatikiza kokha, ndipo n'chifukwa chake oikonda gemuyi amalitchula ngati chitsanzo cha mmisiri amene watulutsa zambiri kuchokera mu zochepa. Koma khonde lomwelo ndi limene oida gemuyi amalitchula ngati umboni wa nkhanza, ndipo onse awiri akunena zoona.

Chimene gulu loyamba limapeza m'gemu yotere ndi chisangalalo cha kudziwa. Adani ambiri amatulukira pa malo omwewo ndipo amachita zomwezo nthawi iliyonse, kotero kuti imfa iliyonse imasiya kanthu m'mutu mwa wosewera, ndipo munthu amene dzulo anafa kakhumi pa mlatho wina lero amawudutsa osagundidwa, pamene Simon sanawonjezeke mphamvu ngakhale pang'ono. M'magemu ambiri a masiku ano, munthu wa pa sikirini ndi amene amakula, amapeza zida zamphamvu ndi moyo wochuluka. Muno chimene chimakula ndi wogwira mabatani yekha, ndipo pali anthu amene kukula kotereku ndi kokhako kumene amakuwerengera. Katswiri wofufuza za magemu Jesper Juul, m'buku lake la mu 2013 lotchedwa The Art of Failure, analongosola chododometsa chakuti anthu amadana ndi kulephera koma amanyansidwanso ndi gemu imene sangalepheremo, ndipo Castlevania imakoma kwa munthu amene akagwa amatha kuloza chimene iye mwini analakwitsa. Komanso gemuyi imaphunzitsa mosalankhula kwa amene ali ndi maso: bwalo loyamba lilibe mdani aliyense, lili ndi mbaula zamoto zokha zimene zikamenyedwa zimagwetsa mphatso, kuti wosewera azolowere chikwapu popanda choopsa, ndipo nkhwangwa, chida chimene chimaponyedwa m'mwamba mokhota, inaikidwa m'kandulo kufupi ndi mleme waukulu, mdani woyamba amene amakhala pamwamba pomwe chikwapu sichifika.

Gulu lachiwiri silisowa luso kapena kuleza mtima, monga mmene oikonda gemuyi amafulumira kunenera, koma limafuna chinthu china kuchokera ku gemu. Kwa anthu amenewa, kukoma kwa kusewera kumayambira pa kumva kuti thupi la pa sikirini ndi lawo, kuti limachita zimene dzanja lafuna pa nthawi imene lafuna, ndipo gemu monga Super Mario Bros. imasangalatsa ngakhale pa malo opanda mdani chifukwa kuthamanga ndi kulumpha pazokha n'kokoma. Kuyendetsa Simon pa malo opanda mdani sikukoma konse, pakuti iye amangokwakwaza mapazi pa liwiro limodzi, ndipo kukoma kwake konse kumadalira chimene chaima patsogolo pake. Munthu woona ngozi ikubwera, amene chala chake chakanikiza kale batani lothawira koma thupi la pa sikirini lakana, samva kuti walakwitsa. Amamva kuti wanyozedwa, ndipo kumuuza kuti cholakwa chinachitika sekondi imodzi m'mbuyomo, pamene anasankha kulumpha, sikumutonthoza. Pamwamba pa izi pali nkhani ya nthawi. Gemu yonseyi inakwana m'makilobayiti 128, malo ochepa kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni ya masiku ano, ndipo munthu woidziwa bwino amaimaliza m'mphindi zosakwana 30, pamene akatswiri opikisana pa liwiro amaimaliza m'mphindi zosakwana 15. Maola ambiri amene wosewera watsopano amathera pa iyo ndi maola obwereza malo omwewo, ndipo mwana wa mu 1987 amene anali ndi gemu imodzi kwa miyezi ingapo ankaona kubwerezako mosiyana ndi munthu wamkulu wa lero amene ali ndi ola limodzi madzulo ndi magemu ena ambirimbiri omudikira.

Pali zinthu zina zimene oikonda gemuyi amaziteteza pamene sizifunika kutetezedwa, ndipo choyamba mwa izo ndi masitepe. Simon sangalumphire pa masitepe ndipo sangalumphe ali pa iwo. Ayenera kuima m'munsi mwake n'kukanikiza batani lolozera m'mwamba, ndipo akafika pamwamba pa masitepe otsika osakanikiza batani lolozera pansi, pa malo ena amangogwa ngati mwala. Choipitsitsa n'chakuti chida chachiwiri, chonyamulidwa pambali pa chikwapu, chimaponyedwa pokanikiza batani la m'mwamba pamodzi ndi lomenyera, kotero kuti pafupi ndi masitepe wosewera wofuna kuponya nkhwangwa amapezeka akukwera. Ili si funso lofunsidwa kwa nzeru za wosewera, ndi kuchepa kwa mabatani chabe, pakuti chogwirira cha NES chinali ndi mabatani awiri okha ochitira zinthu. Mitima imene imagwa m'makandulo, imene aliyense angaiyese yobwezera mphamvu, ndi chiwerengero cha kangati chida chachiwiri chingaponyedwe, pamene chobwezera mphamvu chenicheni ndi nyama yowotcha yobisika m'makoma amene sasiyana maonekedwe ndi makoma ena, moti wosadziwa amaidutsa ali pafupi kufa. Tianthu tolumphalumpha timene timagwetsedwa ndi ziwombankhanga m'magawo a kumapeto timayenda movuta kuneneratu, ndipo pamenepa mfundo yakuti imfa iliyonse ndi cholakwa cha wosewera imafooka. Wolemba ndemanga woona mtima ayenera kusiyanitsa malire amene amabala maganizo ndi malire amene amangobala mkwiyo, ndipo Castlevania ili ndi mitundu iwiri yonseyi, ngakhale kuti woyambawo ndi umene uli wochuluka.

Nkhani ya zida zachiwiri ndi yoyenera kuimapo pang'ono chifukwa imaonetsa mmene gemuyi imalipirira kudziwa mopitirira muyeso. Zida zake ndi zisanu, mpeni, nkhwangwa, mtanda wopita n'kubwerera, wotchi yoimitsa adani kwa kanthawi, ndi botolo la madzi odalitsidwa limene likasweka pansi limayaka moto, koma Simon amanyamula chimodzi chokha, ndipo akakhudza china, chakale chimatayika pomwepo pamodzi ndi mphatso zimene zimalola kuponya kawiri kapena katatu motsatizana. Motero mpeni, chida chofooka pa zonse, umasanduka msampha ukagwa kuchokera m'kandulo pamaso pa munthu wonyamula chida chabwino. Madzi odalitsidwa ali ndi khalidwe lakuti moto wake umaumitsa mdani pamalo amodzi ukumuwotcha, ndipo wosewera amene wawasunga kuchokera koyambirira kwa gawo lachisanu osafa ngakhale kamodzi angathe kuumitsa Imfa pamalo pomwe yatulukira n'kuipha isanaponye chikwakwa. Mdani amene amagonjetsa anthu kwa masabata amatha m'masekondi ochepa. Kwa wokonda gemuyi imeneyi ndi mphoto yoyenera munthu amene waphunzira nyumba yonse. Kwa woida ndi chizindikiro chakuti gemuyi ili ndi kiyi wobisika, ndipo amene sanauzidwe amavutika pachabe.

Kampani ya Konami yokha inayesa mayankho osiyanasiyana pa mkanganowu m'zaka zotsatira, ndipo mayankhowo amaonetsa kuti chochotsedwa chilichonse chimapita ndi kanthu. Mu Castlevania III, imene inatuluka ku Japan mu 1989, munaikidwa munthu wina wosankhika dzina lake Grant, amene amatha kusintha njira ali m'malere ndiponso kukwera makoma, koma anapatsidwa chida chofooka kuti ufulu wakewo ukhale ndi mtengo. Super Castlevania IV ya mu 1991, pa makina atsopano a Super Nintendo, inalola Simon kumenya chikwapu mbali zisanu ndi zitatu, kudziwongolera pang'ono ali m'malere ndi kulumphira pa masitepe, ndipo chida chachiwiri chinapatsidwa batani lakelake. Anthu ambiri amene anakana gemu yoyamba anaikonda imeneyi, koma otsutsa anaona kuti chikwapu chofika paliponse chinachititsa nkhwangwa ndi zida zina kukhala zosafunika kwenikweni, popeza funso limene nkhwangwa inkayankha, la mdani wokhala pamwamba, linali litafafanizidwa. Mu 1993 gemu yoyambayo inatulutsidwanso ku Japan itawonjezedwa njira yosavuta, ndipo mu 1997 Symphony of the Night inasintha mtundu wonse wa seweroli, n'kupereka nyumba imodzi yaikulu yoyendamo momasuka ndi munthu wopepuka thupi amene amakula mphamvu akamapha adani. Kuyambira pamenepo otsatira Castlevania anagawanika pawiri, okonda kapangidwe kakale ndi okonda katsopano, ndipo kugawanikaku n'komwe kuja kwa wofuna kuwerengera ndi wofuna ufulu wa thupi.

Umboni wakuti kukonda malire otere si kukumbukira ubwana kokha unabwera kuchokera kwa osewera amene sanagwirepo NES. Magemu a kampani ya FromSoftware, Demon's Souls ya mu 2009 ndi Dark Souls ya mu 2011, anamangidwa pa lamulo lomwelo lakuti lupanga likayamba kutsika silibwezeka ndipo mdani aliyense ayenera kuphunziridwa, ndipo anakopa anthu ambirimbiri komanso kukhumudwitsa ena ambirimbiri pa zifukwa zofanana ndi za mu 1986. Mu 2018 kampani ya Inti Creates inatulutsa Bloodstained: Curse of the Moon, gemu yatsopano yopangidwa motsanzira Castlevania yakale, ndipo opanga ake anapatsa wosewera mwayi wosankha pakati pa njira imene kugundidwa kumaponyera munthu chambuyo ndi njira imene lamulo limeneli lachotsedwa. Kusankhitsa kumeneku ndi kuvomereza poyera kuti lamulo limodzi laling'ono ndi limene limalekanitsa magulu awiri a osewera, ndiponso kuti palibe njira imodzi yokhutiritsa onse.

Mmene munthu wakumanirana nayo gemuyi zimasinthanso chiweruzo chake. Inapangidwira wailesi ya kanema yakale ya galasi lokhuthala, imene inkaonetsa chithunzi pafupifupi nthawi yomweyo batani likakanikizidwa, pamene masikirini amakono ambiri amachedwetsa chithunzi pang'ono, ndipo kuchedwa kumeneku kukawonjezeka pa kuchedwa kwa chikwapu, chimene chinali cholemera mwadala chimasanduka chosagwirika. Woisewera pa foni, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotsanzira makina akale ndi mabatani ojambulidwa pagalasi amene chala sichiwamva, amakhala akuweruza chinthu china osati chimene Konami inapanga. Kumbali ina, pamene gemuyi inatulutsidwanso pa NES Classic Edition mu 2016 ndi mu Castlevania Anniversary Collection mu 2019, wosewera anapatsidwa mwayi wosunga pamene wafika pa malo alionse n'kuyambiranso pomwepo akafa. Mwayi umenewu wathandiza ambiri kuona mapeto amene sakanawaona, koma umachotsanso mantha otaya madzi odalitsidwa pa khonde lalitali lija, ndipo popanda mantha amenewo kuwerengera kumataya chifukwa chake.

Za nyimbo zokha ndi pamene magulu awiriwa amagwirizana. Kinuyo Yamashita ndi Satoe Terashima, amene mayina awo anabisika kumbuyo kwa dzina lopeka la James Banana, anapeka nyimbo pa makina otha kuimba manoti ochepa okha pa nthawi imodzi kuphatikizapo phokoso loimira ng'oma, ndipo m'malo mwa nyimbo zoziziritsa nkhongono zimene munthu angayembekezere m'nyumba ya Dracula, anapereka nyimbo zothamanga, zolimbitsa mtima, monga Vampire Killer ya m'gawo loyamba ndi Wicked Child ya m'gawo lachitatu. Pali kukokana kochititsa chidwi pamenepa, pakuti nyimbo imakankha wosewera kuti apite patsogolo pamene malamulo amamulanga akafulumira, ndipo wotchi yowerenga nthawi pamwamba pa sikirini imathandizana ndi nyimboyo ngakhale kuti nthawi yoperekedwa ndi yokwanira kwa woyenda modekha. Imfa zambiri za wosewera watsopano zimabadwa pamenepa, pomvera khutu m'malo momvera maso.

Nkhondo yomaliza imasonkhanitsa zonsezi pamodzi. Dracula amazimiririka n'kutulukira pamalo ena, amatsegula mkanjo wake n'kutulutsa mipira itatu yamoto, ndipo amavulala pamutu pokha, pamalo pamene chikwapu sichifika Simon ataima pansi. Kotero kulumpha kumodzi kuyenera kuchita ntchito ziwiri, kudutsa pamwamba pa moto ndi kufikitsa chikwapu pamutu, ndipo batani lomenyera liyenera kukanikizidwa Simon asanafike pamalo omenyerapo chifukwa cha kuchedwa kuja. Zimenezi ziyenera kubwerezedwa kambiri popanda kulakwitsa kopitirira katatu, kenaka Dracula amasanduka chilombo chachikulu cholumpha chimene chili ndi mphamvu zake zatsopano, pamene za Simon sizibwezeretsedwa. Koma pamalo amenewa opanga gemuyi anafewetsa lamulo lawo: m'magawo ena wosewera amene miyoyo yake yatha amabwezedwa koyambirira kwa gawo lonse, pamene kuno amayambiranso m'munsi mwa masitepe okwera ku chipinda cha Dracula, ndipo angayesenso kangati konse kamene afuna, akutolera mitima m'makandulo a m'njira. Amene wapambana amaona nyumbayo ikugumuka, amawerenga mayina oseleula aja, ndipo gemu imamubwezera pachipata choyamba kuti ayambenso ulendo wachiwiri umene adani ake ndi ochuluka ndiponso opweteka kuposa poyamba.